Chitenje Chomwe Ndinabwereketsa Panjira ya Kukoleji

"Amama, muli nacho chitenje china?"

Funso limeneli anandifunsa mtsikana wina usiku, panjira yafumbi yolowera kukoleji komwe amaphunzira mwana wanga. Ndi funso wamba. Mzimayi aliyense anafunsidwapo chonchi, kumaliro, kuchipatala, ngakhale m'basi mwana akakusanzira. Koma mpaka lero sindidziwa kuti ndinayankha ndani.

Ine ndine Clementina, amake Mwaiwathu. Timakhala ku Kasisi, timalima ndiwo zamasamba. Dzina la kolejiyo ndilisiya. Ndi koleji yaing'ono, ili kuseri kwa Chongwe, mbali yopita ku Bundabunda.

Tsikulo linali ngati masiku ena onse a kumapeto kwa dzinja. Madzulo ndinakhala pakhonde kumanga repu woti ndikagulitse m'mawa. Magetsi anali atapita kuyambira masana. Bambo ake a Mwai anali kumaliro ku Petauke. Foni inalira.

"Ba mami, nine Peace, wamene tigona rumu imodzi na Mwai. Mwai adwala maningi. Thupi yapya, akamba vosamveka."

"Mwamupereka kukliniki?"

"Akana. Akuti ba Sista bazamugoneka, aphonye mayeso ya mawa. Ninamupasa mapilisi yanga ya malungo yamene yanasala. Anamverako bwino, manje yabwera futi."

Sindinamukalipire. Mwana ameneyu anapatsa mnzake zomwe anali nazo. Ndinangomuuza kuti ndikubwera.

Ndikulowa kuchipinda, maso anga anagwera pa neti yomwe inali pabedi langa, mtima unachita thi. Netiyo inali ya Mwai. Anamwino a kukoleji amagawa maneti kwa ophunzira chaka chikamayamba. Mwai anabwera nayo patchuthi, isanatsegulidwe n'komwe. Anaona yanga itang'ambika, yodzaza mfundo, ndiye anati, "Tengani iyi amama. Ku hositelo kulibe pomangirira. Khoma n'louma ngati mwala, misomali imangopindika. Anzanga onse anaika m'masutikesi." Ndinailandira ndi manja awiri. Dzinja lonse ine ndinagona bwino, mwana wanga akudyedwa ndi udzudzu.

Ndinaimasula, ndinaipinda, ndinaiika m'chola. Ndinaikamonso fulasiki ya phala, mbale, sopo ndi chitenje chachiwiri, chobiriwira cha nsomba zoyera, chija chopserera pakona pomwe panagwera khala la mbaula. Wopita kukadwazika sayenda ndi chitenje chimodzi.

Ulendo unali wa mabasi awiri. M'basi yachiwiri mayi wina anandisunthirako, nandipatsa chimanga chophika theka osandifunsa kalikonse. Mwina nkhope yanga inali itanena kale. Tili m'njira Peace anaimbanso.

"Agona manje. Ine nayenda kukilasi kuwerengako pang'ono, nizabwera."

Ndimafuna kumuuza kuti asamusiye yekha, koma foni inazima m'manja mwanga.

Dalaivala anandisiya pamphambano, kunja kutada kale. Anati, "Yendani chabe stireti, mami, muzaona geti." Basi inapita ndi kuwala kwake. Kunatsala ine ndi achule.

Njirayo ndinkaidziwa masana okha. Udzu unali wautali kuposa ine mbali zonse ziwiri. Mwezi unalipo koma wophimbika, ngati nyali yoikidwa kuseri kwa nsalu. Ndinayenda ndikuwerenga korona m'thumba. Patali kwambiri kutsogolo ndinaona kamoto kakang'ono, ndinadziwa kuti ndi mbaula ya mlonda wa pageti.

Nditafika pakamlatho, achule anasiya kulira. Onse pamodzi.

Ndinaima. Pamphepete pa kamlathoko panali munthu. Mtsikana, wamsinkhu wa Mwai, atavala diresi logonera lokha, lopyapyala, kumapazi kulibe kanthu. Manja anali atawapinda pachifuwa. Mano ake ndinkawamva akugundana ndili pataliko.

"Amama, muli nacho chitenje china?"

Chilankhulo chake chinali chakwathu kummawa, osati cha ana a m'tauni. Mwina n'chifukwa chake mantha anachepako. Komanso mwana wamkazi wosafunda sumufunsa mafunso ambiri. Ndinatsegula chola, ndinatulutsa chobiriwira chija. Polandira, dzanja lake linakhudza langa.

Anthu akamakamba za zinthu zausiku amati n'zozizira. Dzanja ili linali lotentha. Linali ngati chiwaya chongophula kumene.

"Iwe mwana, ukudwala! Tiye kukliniki."

"Ndiko nachokera," anatero. "Sanatsegule."

Anadzifunditsa chitenje kumutu ndi m'mapewa, nkhope n'kubisika. Kenako anati, "Nizabweza, amama."

"Usadandaule nacho."

"Nizabweza. Ndinu amake Mwai."

Sikunali kufunsa. Ndinavomera, ndikuganiza kuti mwina Peace wamutuma kudzandichingamira. Koma ndani angatume wodwala, wopanda nsapato?

"Mwai sali ku hositelo," anatero.

"Peace wandiuza kuti wagona."

"Sali ku hositelo. Tiyeni uku."

Anapotolokera kumanzere, kukanjira kolowa m'mabulugamu komwe ine sindinakaone n'komwe. Ndinayang'ana kamoto ka pageti, ndinayang'ana kanjirako. Mutu wanga unabalalika. Ndinamvapo za akuba otsogoza mtsikana kuti akokere munthu kutchire. Ndinamvaponso zina zomwe Mkhristu sayenera kuziganizira. Ndikapita kugeti n'kupeza Mwai kulibe, ndikhala ndataya nthawi. Ndikatsata uyu n'kukhala kuti Mwai ali pabedi lake, ndani adzandipeza ine?

Mtsikanayo sanandikakamize. Anangogwira nthambi yaminga yomwe inatchinga kanjirako, naikokera pambali, naima kudikira kuti ndidutse isandikole. Anaigwira ndi dzanja lopanda kanthu.

Ndinadziuza kuti wakuba sakupatulira minga. Ndinalowa.

Iye patsogolo, ine pambuyo. Nsomba zoyera za pachitenje ndizo ndinkatsata, chifukwa china chilichonse chinali chakuda. Nsapato zanga zinkamira m'matope, pyotyo pyotyo. Mapazi ake sindinawamve. Mwina ndi chifukwa anali wopanda nsapato. Ndimadziuza choncho mpaka pano.

"Dzina lako ndani?" ndinafunsa.

"Mwabweza neti yake," anatero.

"Wadziwa bwanji?"

"Ikununkha utsi wa kunyumba."

"Ndabwera nayo, inde. Koma akuti kulibe pomangirira."

Tinafika pampanda wa waya. Panali pobooka. Anakweza waya wapamwamba, ine n'kuwerama n'kudutsa. Fungo la sipiriti wa kuchipatala linandiomba m'mphuno, pakati pa tchire, pomwe panalibe chipatala.

Ndipo ndinamva kugogoda.

Go. Go. Go.

Pang'onopang'ono, ngati munthu wotopa amene wagogoda nthawi yaitali ndipo sakuyembekezanso kuti amutsegulira. Kunasiya. Kunayambanso.

Kutsogolo kunali kanyumba ka malata, kokhala pakokha, udzu utamera mpaka pamasitepe. Munalibe nyali. Kugogoda kunkachokera pachitseko chake.

"Mwai?" ndinaitana. Mawu anatuluka ang'onoang'ono.

Go. Go.

Nditaponda khonde, kunasiya.

Mwana wanga anali pansi, chafufumimba, pafupi ndi chitseko. Manja onse awiri anali pansi pa mimba yake. Ndinamutembenuza. Maso anali otseguka theka, koma sanali kundiona. Milomo itauma, thupi likuyaka. Kuphazi limodzi kunali patapata, kwina kunalibe. Ndinamugwedeza, ndinamuitana dzina lake lonse, ndinamuitana dzina la ubatizo. Anangobuula.

"Ndithandize timunyamule," ndinatero, ndikucheuka.

Kunalibe munthu. Udzu unali chiimire, osagwedezeka. Achule anayambanso kulira, onse pamodzi, ngati wina wawatsegulira.

Ine ndine munthu wolankhula motsitsa, anthu amandiseka nazo kutchalitchi. Usiku umenewo ndinakuwa mpaka kukhosi kunang'ambika.

Tochi inabwera ikudumphadumpha m'mitengo. Anali mlonda, bambo wachikulire, a Alick. Atandiunika anabwerera m'mbuyo pang'ono.

"Amayi, mwalowera kuti? Pageti simunapite!"

"Mwana wanga, bambo. Mwana wanga."

Anaunika pansi, anangoti, "Mayo ine, panonso?" Anathamanga, nabwera ndi wilibala, navula jasi lake n'kuyala mkatimo kuti chitsulo chisamupweteke mwana. Ine ndinagwirizira mutu, iwo akukankha. Ali wefuwefu anandifotokozera kuti kanyumbako ndi kliniki yakale, inatsekedwa chaka chatha. Yatsopano ili pafupi ndi geti, ndipo namwino amagona kuseri kwake.

A Alick sanagogode pachitseko. Anagogoda pawindo. Anati ndiwo malamulo a Sista, kuti wodwala usiku azigogoda pawindo la kuchipinda kwawo, chifukwa chitseko chili kutali ndi khutu.

Sista Inutu anatuluka atavala duku ndi juzi la amuna awo. Mayi wamfupi, wosataya mawu. Anabaya Mwai pachala, nayang'ana kachipangizo koyezera malungo ndi tochi, natukwana pang'ono m'chilankhulo chakwawo. Anamubaya jakisoni wa mumtsempha, namuika diripi, naimbira dalaivala wa galimoto ya koleji.

"Anamwa chani?"

Ndinawauza za mapiritsi otsala a Peace.

"Bana aba! Mankhwala yanasala chifukwa uja sanasilize, uyu naye amwa hafu. Malungo yamaseka chabe." Anandiyang'ana. "Amai, sembe munafika kuseni, kutacha..." Sanamalize. Anandiikira kapu ya tiyi m'manja, nandipinda zala kuti ndiigwire.

Peace anafika akulira. Anati pobwera kukalasi anapeza bedi lopanda munthu, ndiye ankafufuza m'zimbudzi ndi m'zipinda za anzawo. Kukliniki yakale palibe amene akanaganizako. Ndinamufunsa ngati anatuma munthu kudzandichingamira. Anandiyang'ana ngati nanenso ndayamba kubwebweta.

Tinakhala kuchipatala cha boma masiku angapo. Mwai atayamba kuzindikira anthu ndi kumwa phala, ndinamufunsa chomwe anakatenga kukanyumba kaja.

"Ndinamva kuti ndikufa, amama. Ndinati ndipite kwa Sista. Miyendo inangonditengera kwakale, komwe tinkapita chaka choyamba."

"Unagogoda?"

"Sindikumbuka. Ndikumbuka wina ananyamula mutu wanga n'kuuika pamiyendo pake. Anati, usagone, nayenda kutenga amako."

"Ndani?"

"Ndimayesa ndi Peace."

Titabwerera kukoleji, Sista Inutu anati Mwai agone kaye m'kachipinda ka odwala, amuyang'anire asanabwerere ku hositelo. Za mayeso anakalankhula okha kwa akuluakulu, kuti adzalembe pambuyo. Chinthu chomwe mwanayu ankaopa mpaka kufuna kufa nacho chinatha ndi ulendo umodzi wa Sista wopita kuofesi.

Ndinawauza Sista za mtsikana uja. Anaseka.

"Ni mmodzi wa bana banga uyo. Bamatuluka pa waya usiku kuyenda ku mabala na ku maboyifurendi. Muganiza angavomere? Koma ngati thupi inali yakupya, nizamupeza."

Anayendadi chipinda ndi chipinda, akubaya pachala aliyense wofunda thupi. Anapeza odwala malungo angapo omwe ankabisala chifukwa cha mayeso, anawakokera kukliniki akuwakalipira njira yonse. Koma wa chilankhulo chakummawa, wa chitenje cha nsomba zoyera, sanamupeze.

A Alick anali ndi zawo. Anandiuza madzulo ena pambaula, akuyang'ana makala osati ine.

"Zinachitika ine nisanayambe ntchito pano. Mtsikana wa ku Katete. Nthawi ya mayeso ngati ino, anabisa malungo. Usiku anapita yekha kukagogoda paja. Namwino wa nthawi imeneyo anali ataperekeza wodwala wina kuboma. Anamupeza m'mawa, pakhonde, na diresi yogonera chabe, mame atamunyowetsa. Ndiye chiyambi cha lamulo lakuti pano pasamasowe namwino usiku."

"Dzina lake anali ndani?"

"Ena amati Mirriam, ena amati Chipo. Dzinja likafika, kugogoda nimakumva. Sinipitako. Tsiku lija ninakumva kuyambira madzulo, ninati ni yemwe uja." Anasonkheza makala. "Sembe ninapita."

Ndinawauza kuti jasi lawo linamuthandiza mwana.

Usiku umenewo sindinagone. Ngati Sista akunena zoona, ndiye kuti pena pake pali mwana wa munthu akupsa ndi malungo, akuopa kudziulula chifukwa cha ine. Ngati a Alick akunena zoona, ndiye kuti chovala changa, chokhala ndi thukuta langa, chili m'manja mwa munthu wakufa. Bambo ake a Mwai nditawauza pafoni anati, "Iwe Clementina, chovala chapathupi n'kupatsa munthu wosamudziwa, usiku?" Koma mtsikanayo ankanjenjemera. Ndikanatani?

M'mawa wa tsiku lobwerera kwathu, Sista atamulola kubwerera ku hositelo, Mwai anadandaula za patapata wake wotayika uja. Dzuwa linali litakwera, ophunzira akupita m'makalasi. Ndinati ndikamuyang'anire. Zoona zake, ndimafuna kuona malowo masana, kuti mwina akhale malo wamba.

Anali malo wamba. Kanyumba kothothoka penti, nyerere pamasitepe, khonde lonyowa chifukwa usiku kunawaza mvula.

Pakhomo penipeni, pomwe panagona Mwai, panali chitenje changa. Chopindidwa bwino, makona ofanana, patapata uja ali pamwamba pake. Ndinayang'ana pakona, popserera paja panalipo. Chinali chochapidwa. Chinali chouma, pakhonde lonyowa.

Pakona ina panali mfundo, monga timamangira ife azimayi tikasunga kanthu. Ndinalimbana nayo ndi mano. Munali misomali inayi, yakuda, yaifupi, yokhuthala.

Ndinaima nayo m'manja nthawi yaitali. Kenako ndinasuzumira pawindo. Mkati munali bedi limodzi lachitsulo, lopanda matiresi. Fumbi lapansi linali losapondedwa. Pakhoma, pamwamba pa bedilo, panali timabowo, tiwiri mbali iyi, tiwiri mbali inayo, ndipo pansi pa kabowo kalikonse panali kaufa koyera ka pulasitala kongogwa kumene. Ndinagwira loko wa pachitseko. Dzimbiri lokhalokha, ulusi wa kangaude utalumikiza loko ndi mphuthu.

Ndinawaonetsa a Alick. Anabweza manja kumbuyo.

"Tayani, amayi. Misomali yochokera kwa akufa mudziwa ntchito yake."

Ndinawaonetsa Sista. Anaitembenuzatembenuza, nati, "Ya konkiriti iyi. Yabwino. Kudala tinali kumangirira maneti na yamene iyi." Anaiyang'ananso, nandibwezera msangamsanga, osasekanso.

Ndinapita ku hositelo ndi mwala m'manja. Peace anandithandiza kukankha bedi lake kuti ligundane ndi la Mwai. Anati, "Ba mami, izapindika chabe, tinayesa kudala." Ndinakwera pampando, ndinakhoma woyamba. Unalowa. Wachiwiri unalowa. Yonse inayi, osapindika ngakhale umodzi.

Tinamangirira neti, inakwanira mabedi onse awiri. Mwai analowamo, nagona chagada, akuyang'ana kumwamba.

"Amama, misomali mwaitenga kuti?"

"Wina wandibwezera," ndinatero.

Chitenjecho ndinachivala pobwerera. Pakamlatho paja ndinaima pang'ono, ndinati zikomo motsitsa, monga ndimalankhulira ine, n'kupitiriza ulendo kukadikira basi.